Chitenje chimene ndinabwereketsa pakhomo la mzikiti ku Istanbul

Abale anga, nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu ayi, inandigwera ine ndemwe, ndipo anzanga amene ndimakhala nawo flati imodzi kuno ku Old Airport, mu mzinda wa Doha ku Qatar, akhoza kundiikira umboni, kungoti iwowo akamaifotokoza amangofa nazo kuseka ngati zinali zosewera.

Ndisanayambe ntchito ya kuhotela imene ndikugwira panoyi, ndinagwirapo zaka zitatu m'nyumba ina ku Al Murra, ndipo nthawi yonseyo pasipoti yanga inali m'kabati ya madamu, ine osaiona ndi diso lomwe. Tsiku limene inabwerera m'manja mwanga ndinalumbira kuti sidzatalikananso ndi thupi langa. Ndiye ndinatenga singano n'kusokerera kathumba mkati mwa chitenje changa cha maluwa achikasu, monga amachitira amayi akwathu ku Machinga akamapita ulendo wautali, n'kumaikamo pasipoti pamodzi ndi ID ya Qatar.

Livu itakwana, ine ndi mnzanga wa ku Mangochi tinagwirizana zokaona dziko la Turkey. Paja ife timangoyalira ena mabedi chaka chonse, nanga n'kulakwa nafenso kukayaliridwako sabata imodzi? Tinanjoya, ndisaname. Tsiku lomaliza tinati tikaswali mu mzikiti wina waukulu wakalekale ku Istanbul, ndipo poti kunkawomba kamphepo kozizira, ndinafunda chitenje chija pamwamba pa abaya, mkanjo wanga wautali wachisilamu.

Pakhomo tinapeza mzungu wina wamkazi atamuimitsa chifukwa diresi yake inalekeza m'mawondo. Nsalu zobwereketsa alendo zinali zitatha, anzake akulowa, iye atangoima manyazi ali tho. Inu amayi anzanga, ndani wa ife angaone mkazi mnzake akusowa chobisa miyendo iye ali ndi chitenje paphewa? Sindinaganize n'komwe. Ndinachivula, n'kumumanga ndekha m'chiuno bwinobwino, n'kumulozera ndi manja kuti tipezane pakhomo pomwepo. Koma oswali amatulukira khomo lina, ndiye titamaliza, za chitenje titaiwala, tinangotsetsereka kulowera kumadoko, nkhani zili pakamwa, tikukukuta chimanga chootcha ngati tili pamsika wa Liwonde.

Mnzanga uja atandifunsa kuti kodi ndege yathu mawa ikunyamuka nthawi yanji, dzanja linapita lokha paphewa. Ayi ndithu, panalibe kanthu.

Mayo ine! Chimanga chinagwa pansi. Ndege m'mawa wake, mkuja ndiyenera kukhala pa duty, ndipo popanda pasipoti ndi ID ku Doha sindikanalowa. Ntchito ikanathera pomwepo, ana anga awiri amene ndinasiyira mchemwali wanga akanadya chiyani? Komanso ndikanayambira pati kudandaula, m'dziko loti sindidziwa ngakhale moni wake? Ndinathamanga chitunda chonse chija kubwerera, mayi wamkulu ngati ine, abaya nditakwinyira m'manja.

Pakhomo paja anthu anali nyomi, mzungu wanga kulibe. Ndinkagwira mkono mkazi aliyense watsitsi loyera n'kumuyang'ana m'chiuno, ena mpaka kukuwa. Alonda ndikawafunsa ankangotukula mapewa. Mapeto ake ndinadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwenikweni kwa pamaliro, mnzanga akundigwedeza kuti khalas, basi zakwana, anthu akutijambula, koma ine ndinalibe nazo ntchito.

Posakhalitsa ndinaona nsapato zakuda zinayi patsogolo panga. Apolisi awiri. Mmodzi anandiyang'anitsitsa kumaso nthawi yaitali, n'kulankhula ndi mnzake m'chinenero chawo, kenako anandidzutsa chondigwira pachigongono, ndipo mnzanga anamuuza ndi dzanja kuti atsale. Apo ndinadziwa kuti zanga zada: munthu wakuda, wopanda mapepala, wosokoneza pamalo opemphera, angamutengere kuti kupatula kuselo? Tinazungulira kuseri kwa mzikiti, kudutsa kanjira kopanikiza, ine ndikungonong'ona shahada, mawu a chikhulupiriro chathu cha Chisilamu, ndikuganiza kuti amayi anga akamva bwanji kuti mwana wawo anakamangidwa kokayenda.

Anatsegula chitseko cha kachipinda kodzaza nsalu mulu mulu. Pampando panakhala mayi wina wachikulire, wonenepa, wa mpango wakuda, ndipo pamiyendo pake panali maluwa anga achikasu, pasipoti ili m'manja mwake yotsegula pachithunzi.

Wapolisi uja anandifotokozera kudzera pa foni yomasulira kuti mzungu anandidikira ndithu, atatopa anaponya chitenje m'dengu la nsalu zobweza. Mayiwa, amene ntchito yawo ndi yolongedza nsaluzo m'matumba opita kochapa, anamva kulimba m'mphepete ndipo anakauza apolisi. Akanangokankhira m'thumba osapinda, pasipoti yanga ikanalowa m'makina ochapira tsiku lomwelo. Ndinagwada n'kuwagwira miyendo, misozi ili chuchuchu, iwo akundidzutsa n'kumandikalipira mwachikondi m'mawu amene sindinamve ngakhale limodzi.

Kenako anatembenuza kathumba kanga kaja, n'kumayendetsa chala pamsoko akugwedeza mutu. Anathamangitsa apolisi aja ndi dzanja kuti atembenuke, ndiye anapinda lamba wa siketi yawo n'kundionetsa. Abale, munali kathumba kosokerera pamanja, chimodzimodzi kanga! Tinaseka mpaka kutsokomola, anthu awiri osamvana chinenero. Anandithirira tiyi m'kagalasi kakang'ono, ndipo chitenje chija ndinawasiyira, pasipoti ndi ID ndinatuluka nazo nditazifinya pachifuwa ndi manja onse awiri.

Ine panopa ndimakhulupirira kuti Allah anaika mayi amene uja pa dengu lija dala, chifukwa ndi munthu yekhayo wosokerera kathumba amene zala zake zikanadziwa kuti m'mphepete mwa nsalu mumakhala moyo wa munthu. Anzanga akuflati amati ndasiya chifundo, koma n'zabodza, mawa lomwe nditaona mkazi mnzanga wasowa chofunda ndimupatsa. Kungoti inu amene mukukonzeka kukayenda maiko a eni, chonde, musanamange munthu chitenje chanu, yambani mwachipapasa m'mphepete monse.