Uthenga wa Lolemba kwa malemu a Namakhwa

Nditabwerako kumaphunziro a kompyuta ku Blantyre, ndinkayenda ngati magetsi ndinawatulukira ndine. Pa ofesi yathu ya alimi ku Phalombe ndinkawaseka anzanga, amene ankaimbirabe foni apampando a makalabu mmodzimmodzi. Ine ndinatchera pulogalamu yotumiza yokha uthenga Lolemba lililonse: "Musachedwe kumsonkhano. Ojomba tiwachotsa m'kalabu."

A Namakhwa, wapampando wa kalabu ya kumunsi kwa Michesi, atamwalira, kumaliro sindinapite. Ndinati ntchito yandichulukira, ine yemwe ntchito ankandigwirira ndi makina. Nambala yawo sindinakumbuke kuichotsa.

Patapita milungu ingapo mkazi wawo analowa mu ofesi, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Anamasula foni ya malemu pansonga ya chitenje.

"Achimwene, abambo aja tinawaika, anzanuwa analipo. Nanga mukuwaopsezeranji? Foniyi ikalira, ine mtima umachita kuti phwii."

Mukudziwa zomwe ndinayankha, katswiri wa ku Blantyre ine?

"Pepani amayi, ndi netiweki."

Netiweki! Ndinapukusa mutu ngati nanenso yandikwiyitsa, mpaka ndinagwada kuseri kwa tebulo n'kumagwedeza mawaya osalakwa.

Tsoka lake, tsikulo linali Lolemba. Ndili chigwadire, foni ija inalira m'manja mwa mayiwo. Sanaitsegule n'komwe. Anaimanganso pachitenje, n'kundiyang'ana pansi pamene ndinalipo.

"Chabwino, achimwene. Muiuze netiwekiyo kuti sabwera."