Ng'oma za Fabiano

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinalowa m'bandi ya achimwene anga, a Gervazio. Sikuti anandisankha chifukwa chondikonda ayi. Anyamata onse atatu a m'bandimo anali ndi mawu okhakhala ngati a munthu wodwala chifuwa, pamene ine ndinali ndi kukhosi koti ndikaitana mbuzi zathu kudambo, ngakhale za eni ake zinkabwera.

Bandiyo inkatchedwa Miyala Yofuula. Achimwene anaiyambitsa atabwerako ku Lilongwe, kumene anagwirako ntchito pa galaja zaka ziwiri. Chuma sanabwere nacho. Anabwera ndi gitala ya magetsi yong'aluka pamimba, sipika imodzi, ndi makaseti a nyimbo za kunja zimene ankazitcha roko. Zinali nyimbo zaukali: gitala yolira ngati chigayo, ng'oma zothamanga, woimba akukuwa ngati waponda moto. Achimwene ankati Mulungu si wamantha, ndiye palibe chifukwa chomamuimbira monong'ona masiku onse. Anayamba kupeka nyimbo zauzimu za Chichewa pa kaimbidwe kameneko.

Lukasi ankaimba gitala ya besi yopanga yekha, ya zingwe za mabuleki a njinga. Fabiano ndiye anali wa ng'oma. Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wosalankhulalankhula, mwana wamwamuna yekhayo wa a Nabanda, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu kumapiri a ku Dowa. Ng'oma zake anazipanga ndi timigolo ndi chikopa cha ng'ombe, pambali n'kukolekapo chivindikiro cha poto. Tinkaphunzirira m'chigafa cha a Nabanda fodya akachokamo, sipika titailumikiza ku batire la galimoto. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wouma, m'makutu mwanga mumalira gitala.

Tsiku loyamba kuimba pa tchalitchi sitinamalize ngakhale nyimbo imodzi. Amayi a kwaya anatseka m'makutu, ana a kumsana anayamba kulira, ndipo akatekisiti anazula okha waya ku batire. Anati zimenezo n'za kumowa. Munthu wamkulu yekhayo amene sanatinyoze anali a Nabanda. Ankakhala pamkeka pakhomo pa chigafa, akuswa mtedza, mutu ukugwedezeka.

"Phokoso lokha ndiye lilipo," ankatero, "koma mawuwo ndi a Mulungu. Imbani, ana inu. Nkhuku zanga zizolowera."

Nkhuku zinazoloweradi, ndipo anthu anatsatira. Achinyamata amene anali atasiya kupemphera anayamba kubwera kudzasuzumira m'chigafa. Bambo mfumu wina, nayenso wachinyamata, anatilola kuimba panja Misa ikatha, pansi pa mitengo ya bulugama. Chaka chisanathe tinali titaimba pa maukwati ndi pa misonkhano ya achinyamata ku Chezi, kwa Msakambewa, mpaka kutsidya ku mapiri a Ntchisi, zida titazimangirira pa njinga. Ine kusukulu ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Ndinali mu Sitandade 7, koma ndinkadziona ngati munthu wa pa wailesi kale.

Mwayi waukulu unabwera titakolola. Bambo wina wa situdiyo yojambulira nyimbo ku Lilongwe anatimva pa msonkhano wa achinyamata, n'kutiitana kuti tikajambule kaseti. Anatipatsa masiku awiri okha, Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo ananenetsa kuti tikaphonya, makwaya odikira ndi ambiri. Ndinauza kalasi yonse. Ndinauza ngakhale atsikana amene sindinkalankhulana nawo.

Nthawi imeneyo a Nabanda anali atagonekedwa ku chipatala cha mishoni kwa milungu iwiri, mng'ono wawo akuwadwazika. Fabiano anakawaona Lamulungu, n'kubwerako akumwetulira. Anati amayi adya phala, ndipo amuuza kuti asayerekeze kutsala chifukwa cha iwo.

Lachiwiri m'mamawa anyamata anatsogola kumsewu kukakweza zida pa matola. Ine ndinatsalira ndikusita diresi, moti ndinatuluka m'mudzi ndekha dzuwa litatuluka kale. Pa mlatho wa mitengo ndinakumana ndi a Mateyu, bambo wa m'mudzi mwathu amene anapita kuchipatala dzulo lake kukasiya ufa. Anabwera njira yachidule ya kuphiri, thukuta lili kamukamu. Atandiona anatsika panjinga. Munthu wamkulu satsikira mwana panjinga popanda chifukwa, choncho ndinadziwa kuti sikuli bwino iwo asanatsegule pakamwa.

"Iwe Sesi, Fabiano ali kuti?"

"Ali kumsewu, akukweza ng'oma."

"Thamanga. A Nabanda atisiya m'bandakucha uno. Koma usakamuuze choncho, wamva? Ukangoti matenda akula, abwerere kunyumba. Ine ndikupita kwa amfumu."

Kwathu anthu salira maliro amfumu asanauzidwe. Ngakhale mwana wa malemu amameza kulira kufikira mawu atachoka kwa amfumu. Choncho mudzi unali chete ngati tsiku lina lililonse. Amayi ankasinja, atambala ankalira, ndipo pakati pa mlatho ndi msewu, munthu wodziwa kuti a Nabanda amwalira ndinali ine ndekha.

Ndinayamba ndi kuthamanga. Pa munda wa chinangwa ndinayamba kuyenda. Sindinganame kuti ndinasokonezeka mutu, chifukwa maganizo anga ndikuwakumbukira bwinobwino, ndipo anali olongosoka. Fabiano akatsika, tonse titsika, pakuti roko yopanda ng'oma kulibe. Tikatsika, situdiyo yapita kwa ena. A Nabanda amwalira kale, Fabiano atabwerera sawadzutsa. Ndipo maliro a munthu wamkulu, ndinadziuza, sangaikidwe mwana wawo palibe; adikira Lachinayi. Pamene ndinkafika pamsewu, nkhani yonse ndinali nditaiweruza ndekha.

Galimoto inali italiza kale injini. Fabiano anali pamwamba pa matumba a mtedza, atakumbatira ng'oma yake yaikulu. Anatambasula dzanja n'kundikokera m'mwamba.

"Wachedwatu, mbalame yathu. Kwagwanji?"

"Ndimasita," ndinatero.

Galimoto inanyamuka. Ndinatchera khutu kumudzi mpaka tinakhota pa chitunda, koma sindinamve kanthu.

Situdiyo inali kachipinda kakuseri kwa nyumba, makoma atawamata matiresi kuti phokoso lisatuluke. Munali ng'oma zenizeni, zonyezimira, ndipo Fabiano anayamba wazisisita asanazimenye. Zake zija zinatsala panja. Atakhala pampando n'kugwira timitengo, mwini situdiyo anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. Sindinamuonepo Fabiano akuseka monga anasekera masiku awiri amenewo.

Tinajambula nyimbo zisanu ndi zitatu. Fabiano anapempha kuti yoyamba pa kaseti ikhale ija a Nabanda ankaikonda, yonena za munthu wotopa amene wapeza mthunzi.

"Amayi akatuluka m'chipatala, akangoika kaseti, ayambire imeneyi," anatero.

Ndinaiimba. Ndiyenera kunena zoona: ndinaiimba bwino kwambiri. Mantha anandilimbitsa mawu, ndipo mwini situdiyo anati sitibwereza, yakhala kamodzi. Pambuyo pake ndinamva kuti akumudzi anatuma munthu kudzatifunafuna, koma Lilongwe ndi wamkulu ndipo palibe ankadziwa kumene kunali situdiyoyo. Mafoni a m'manja anali asanafike kwathu. Analengezetsanso pa wailesi, koma ife tinali m'kati mwa matiresi. Kunkatentha, ndipo thupi silikanadikira. Maliro anaika Lachitatu masana.

Tinabwerera Lachinayi dzuwa lili pamutu. Pokhotera kumudzi panali nthambi zimene amaika pamsewu kukagwa maliro. Masamba ake anali atafota, ngolo zitawaponda kale. Woyendetsa anachepetsa liwiro. Lukasi anafunsa kuti kwagwa zovuta kwa ndani. Fabiano anatsika galimoto isanaime bwino. M'thumba la malaya ake munali kaseti yoyamba, imene tinagwirizana kuti ikhale ya amayi ake.

Amayi a m'mudzi atamuona anayambanso kulira mwatsopano. Amalume ake, mutu atameta kale, anamugwira dzanja n'kupita naye kumanda kukamuonetsa mtumbira. Ine ndinalowa m'nyumba mwathu n'kukhala pakona, diresi losita lija lidakali m'thupi.

A Mateyu anabwera tsiku lomwelo. Sanakalipe. Anakhala pampando, n'kuvula chipewa, n'kuuza amayi anga kuti, "Mwana uyu ndinamutuma." Amayi anakweza dzanja, koma analitsitsa osandimenya. Ndikanakonda akanandimenya. Kenako achimwene anatembenukira kwa ine.

"Bwanji sunandiuze ine?"

Lukasi, amene anali ataima pakhomo, ndiye anayankha. "Akanakuuza, ukanatani, Gervazio? Ukanaimitsa galimoto?"

Achimwene anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anachedwa pang'ono chabe, koma tonse tinaona kuchedwako. Ndikuganiza kuti bandi inathera pamenepo, ngakhale panapita miyezi tisanavomereze. M'mudzi munamveka kuti Gervazio ndiye anauza mlongo wake kuti akhale chete. Sizinali zoona, ndipo ndinakana pamaso pa aliyense wondifunsa, koma ndani akanakhulupirira mawu anga? Akatekisiti sananene kanthu, ndipo sanafunikenso kunena. Amene ankatiitana ku maukwati anayamba kuitana kwaya.

Patapita milungu iwiri amayi anandituma kukapepesa. Ndinamupeza Fabiano m'chigafa, akumasula zikopa pa timigolo take. Mkeka wa a Nabanda unali utapindidwa, utatsamira khoma. Ndinagwada patali ndithu.

"A Fabiano, ndabwera kudzapepesa."

Anapitiriza kumasula. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, "Pamene ndinkakukweza m'galimoto muja, unkadziwa?"

"Eee."

"Pamene tinkajambula nyimbo ya amayi ija?"

"Eee."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa feteleza. "Unaimba bwino," anatero. Anabwerera ku zikopa zake, ndipo ine ndinakhala chogwada mpaka ndinazindikira kuti nkhani yatha.

Timigolo tija azakhali ake anayamba kutungira madzi. Mvula isanagwe, Fabiano anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo ndikumva kuti ali komweko, ali ndi banja, ndipo ng'oma sanaikhudzenso. Achimwene anayesa mnyamata wina wa ng'oma, koma Lukasi anakana kuimba naye, n'kukalowa kwaya. Gitala ija inakhala pamwamba pa kabati mpaka zingwe zinachita dzimbiri. Chodabwitsa n'chakuti kaseti yathu inayenda. Anthu a m'tauni anaikonda, inamveka pa wailesi kwa kanthawi, ndipo atsikana a m'kalasi mwanga anaimvadi monga ndinawalonjezera. Palibe anandiyamikira.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ana a zaka khumi ndi zitatu ndimakhala nawo tsiku lililonse. Anthu akamati mwana sadziwa chimene akuchita, ine ndimangokhala chete. Ndinkadziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti uthenga si wa woutenga. Ndinaunyamula ngati katundu wanga, woti ndingathe kuutula pamene ndafuna, pamene unali wa Fabiano kuchokera pa mlatho paja. Mwina akanasankha kutsika, mwina akanakumbukira mawu a amayi ake n'kupitabe ku Lilongwe. Kusankhako ndiko kunali kwake, ndipo ndinamulanda. Masiku ano munthu akandituma mawu, ndimakawatula ndisanamwe ngakhale madzi, moti anzanga kusukulu amandiseka nazo.

Chaka chatha ndinakwera minibasi yopita ku Mponela, ndipo woyendetsa anaika nyimbo zakale. Mwadzidzidzi ndinamva gitala ya achimwene, kenako mawu a kamtsikana kodzimva. Mayi amene ndinakhala naye pampando anati nyimbo za kale zinali ndi mzimu, ndipo ndinavomera. Koma ine sindinkamvetsera mawuwo. Ndinkamvetsera kumbuyo kwake, kumene mnyamata wosangalala ankamenya ng'oma ndi mtima wake wonse kuti amayi ake akamve akatuluka m'chipatala, nthawi imene adzukulu anali akuwakumbira manda.