Dzina Lobadwira Pakhonde la Sitolo

"Iwe Emmie, kusukulu kwanuko unakumanako ndi munthu wina dzina lake Rahila?"

Anandifunsa chonchi a Rahila, azakhali awo a bambo anga, tikuthirira nazale ya fodya kudimba. Chinali chaka chomwe ndinalekeza Fomu 2, ntchito yanga ili yokaimira okalamba pamzere wa feteleza wa makuponi. Ndinati ayi. Iwo anangoti, "Ndiye ndikafa dzinali lipita nane."

A Rahila sanabereke, ndipo amuna awiri anawasiya pa chifukwa chimenecho. Analera ana a abale, bambo anga omwe. Ku Mvano sajomba. Koma m'mudzi mwathu mwadzaza tiana totchedwa mayina a akuluakulu, a Fainess, a Olive, la iwo lokha ayi. Anthu amati ndi la Chisilamu.

Masiku amenewo akazi a achimwene anga Frazer anali oyembekezera, ndipo achimwene analonjeza kuti akabadwa wamkazi ndidzamutcha ndine. Ndinali nditasankha kale dzina la Chingerezi lomwe ndinamva pawailesi, loti aliyense azifunsa kuti watcha ndani.

Tsiku la feteleza ku Lisasadzi ndinathawira dzuwa pakhonde la sitolo ya a Uthman, bambo achikulire achisilamu. Ndinawafunsa za dzina la a Rahila. Anaseka.

"Rahila wa kwanuyo? Anabadwira pomwe wakhalapo iwepo! Sitolo ino inali ya bambo anga."

Akuti amayi a Rahila nthawi yawo inakwanira panjira ya kuchipatala, mvula ikugwa. Amene anawathandiza anali a Zuhra, amayi a Uthman, omwe mwana wawo wamkazi Rahila anali atangomwalira ndi chikuku. Atapemphedwa kutcha khandalo, anapereka dzina lomwelo.

"Ndipo si lathu tokha," anatero a Uthman. "Kwa Aluya ndi Rahila, m'Baibulo lanu ndi Rakele, mkazi wa Yakobo. M'Chihebri amati ndi nkhosa yaikazi."

Madzulo ndinathamangira kudimba, ndili ndi chikhulupiriro kuti a Rahila andiyamikira pa za Chihebrizo. Za nkhosa anangoseka. "Ine nkhosa? Ndi pakamwa pangapa?" Koma nditatchula mwana womwalirayo, anatula keni pansi. Za khonde ankazidziwa. Za mwini dzina amayi awo sanawauzepo.

"Ndiye zaka zonsezi ndasenza mwana wa eni," anatero, "ine n'kusowa womutulira."

Anatolanso keni n'kupitiriza kuthirira, osandiyang'ana.

Mwana wa achimwene wabadwa wamkazi. Amayi andichenjeza kale kuti ndisayerekeze kumutcha Rahila, anthu kutchalitchi adzalankhula. Alankhule. Mchombo ukagwa, akamutulutsa m'chikuta, ndimutcha Rahila, ndipo woyamba kumunyamula akhala a Rahila eniakewo. Wofunsa ndidzamutsegulira Genesis. La pawailesi lija lidikire mwana wanga.