Jekete la ku Joni pa Sukulu ya Kwathu

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene makolo a ana anandilipira nandolo. Ndinali mphunzitsi wodzipereka pasukulu ya kwathu, kuseri kwa Mbulumbuzi, ndipo kalasi langa linali pansi pa mtengo wa mango. Mvula ikabwera, tinkaweruka. Mango akapsa, ana ankayang'ana m'mwamba, ine ndikuphunzitsa zibwano zawo.

Sukuluyi ndi yakale. Anaiyambitsa ansembe a kumishoni, makolo athu atakhazikika kuchokera ku Mozambique, ndipo poyamba inali ya udzu. Boma litaitenga linamanga makalasi a njerwa, koma pulayimale itakhala yaulere ana anachuluka ngati ngumbi, mpaka mitengo yonse ya pabwalo inasanduka makalasi. Ana a kutsidya kwa mtsinje ankajomba dzinja lonse.

"Ku Joniko upita kukatani?" anandifunsa amayi.

"Kukasaka ndalama. Ndikabwera ndidzamanga sukulu."

"Yamba wamanga khola la mbuzi," anatero.

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto. Tinkagona mothinana m'kachipinda ka malata, kuzizira kochita kulowa m'mafupa. Ndalama yomwe ndinkatumiza inkakwanira feteleza ndi sopo basi. Lamlungu ndi limene linkandipweteka: ndinkakhala pakhomo, osapezeka ngakhale mmodzi wondiitana kuti aphunzitsi. Koma pafoni ndinkayankhula ngati bwana.

"Fabiano, kuno tikuumba njerwa. Tikufuna sukulu ina kutsidya," amayi anandiuza tsiku lina.

"Musavutike, amayi. Dikirani ine."

"Tikudikira," anatero. Chakumbuyo kwawo ndinkamva anthu akuseka, ndinkayesa ndi netiweki.

Zaka zitapita ndinabwerera ndi chikwama chimodzi, wailesi, ndi jekete lachikopa lomwe ndinalumbira kuti sindivula ngakhale dzuwa litaswa mtengo. M'minibasi yochokera ku Limbe ndinkaloweza mawu okalankhula kwa anthu, oyamba ndi "Ife amene taona maiko."

Kunyumba amayi kunalibe. Anandilozera kutsidya. Nditawoloka ndinaima kukamwa yasa: makalasi a njerwa zootcha, malata akuwala, ana akuimba matebulo a masamu. Wotsogolera nyimboyo anali Esinta, kamtsikana komwe kale kankandigenda ndi njere za mango ndikatembenukira kubolodi.

"Aphunzitsi, mwabwera!" anatero akugwada pang'ono. "Ana, moni kwa amene anandiphunzitsa."

Ndinakonza kukhosi. "Ife amene taona maiko…"

"Simukumva kutentha?" kanafunsa kamwana kena kutsogolo. Kalasi lonse linagwa ndi phwete, Esinta naye akubisa nkhope m'buku.

Amayi ndinawapeza kuseri, pamene ankamanga nyumba ya aphunzitsi. Anali atamanga chitenje m'chiuno, akukalipira mmisiri kuti khoma lapendama. Ndinamva anthu akuwatchula kuti a tcheya a komiti. Amayi anga, omwe sanalowepo m'kalasi!

Anandikumbatira, misozi ikulengeza, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Wanenepa masaya okha. Wadya?"

"Ayi, amayi. Koma ndabwera ndi maganizo ambiri okhudza chitukuko."

"Maganizo tili nawo, mwanawe. Chikusowa ndi mchenga."

Anandipatsa ndowa. Jekete lija analipachika panthambi, mbuzi n'kuyamba kulinunkhiza, ine ndikutsetsereka kumtsinje pambuyo pa azimayi omwe ankandifunsa ngati ku Joni anthu amasenza pamutu kapena paphewa.