Manachesi a mlamu wanga ndi dzina la mai Nasiyaya

Loweruka lapitali ndinali ku Thekerani kukaona mlamu wanga, bambo Makwinja, amene anapuma ntchito yothyola tiyi kuesiteti. Ndinawapeza ali khuma pansi pa mtengo wa manachesi. Masamba achita mawanga achikasu, zipatso zake zopotoka, zowawa ngati ndulu.

Ndinawamvera chisoni. Iwo ndi mkamwini pamudzipo, ndipo paja kwathu kuno mkamwini alibe dothi. Chake ndi mitengo imene wadzala kuchikamwiniko.

Koma amene wavutika kwambiri ndi mai Nasiyaya, mai wamasiye woyandikana nawo nyumba. Tsiku lina akuchokera kumjigo anaima nkunena kuti, "Ati alamu, koma mitengoyi chaka chino yabereka bwanji!" Basi, mlandu wawo ndi umenewo. Mitengo itayamba kudwala, anthu anakumbukira mawuwo. Ana analetsedwa kuponda pakhomo pawo, ndipo pamaliro amayi anzawo anasiya kuwapatsa mthiko.

Miyezi yapitayo kunabwera akafukufuku nkuthyola masamba ena. Kunena zoona, ine ndinkawaseka. Mitengo ikufa, inu muli kalikiliki kufunafuna dzina la matenda?

Sabata yomwe ndinapitayo mlangizi wa zaulimi anali atabwera ndi yankho. Ndi bakiteriya, ndipo amene amamunyamula ndi kachilombo kouluka, kochepa ngati nsabwe, koyamwa masamba anthete. Kulabotale amawerenga chibadwa chake, chija amati DNA, kuti adziwe mfunda wake: kodi ndi wa konkuno ku Africa, wokonda malo ozizira ngati mapiri athuwa, kapena mlendo wopirira kutentha? Akamudziwa, amadziwanso madera oyenera kuchenjezedwa. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kuseka kuja kwandithera. Matenda akasowa dzina, ife timawapatsa dzina la munthu. Ndipo mwaonapo tikusankha dzina la bwana wa galimoto? Timasankha wamasiye, wopanda womuyankhira.

Mankhwala ake akuti kulibe. Mitengo yodwala iyenera kudulidwa kuti ya ena ipulumuke.

"Ndidula, achimwene," anatero mlamu wanga, maso ali pansi. "Koma ndikadula nditsala ndi chani pamudzi pano?"

Nthawi yomweyo mai Nasiyaya anadutsa ndi ndowa pamutu, nkulambalala patali, osapenya kumitengo, osapereka moni.

Nkhwangwa yanoledwa kale. Nanga ndani apite kukagogoda pakhomo pa mai aja nkukapepesa?