Matumba Atatu a Nankhono

Mayina a okhoza mayeso atatuluka, la mtsikana wina panalibe. Kachiwiri kameneko. Mwezi womwewo bambo ake anamwalira ndi chifuwa cha fumbi. Mtsikanayo anangotola hamala ya malemu n'kukakhala pamalo pawo kumgodi, kuphwanya miyala.

Ana inu, ntchito imeneyo musamaiderere. Kamwala kakathethekera m'diso, diso lapita. Fumbi nalo silipanga phokoso polowa.

Tsiku lina mwala unang'ambika pakati. Mkatimo munali chigoba chopindika ngati nyanga ya nkhosa, chosanduka mwala. Pamwamba pa phiri, popanda ngakhale chithaphwi!

"Taya msanga!" anakalipa mayi ake aang'ono. "Nkhono yolowa m'mwala ndi yabwino imeneyo? Ukufuna tilirenso maliro ena?"

Sanataye. Anzake anamutcha Nankhono.

"Nankhono, ndiwo zapezeka lero? Usonkhezere moto, n'zolimba zimenezo!"

Khoma la mgodiwo linali ndi masitepe atatu, ndipo malemu anali ndi lamulo limodzi: mwala wa sitepe ina usasakanize ndi wa sitepe ina. Iye anatsata zomwezo. Zigoba za pansi thumba lake, za pakati lake, za pamwamba lakenso. Anatola choncho zaka zitatu, zala zili matuza okhaokha.

Kenaka kapitawo analengeza kuti Lachisanu khomalo aliphulitsa, makina abwera, ndipo a mahamala onse ntchito yatha. Nankhono anaona kuti akangokhala, atsala opanda ntchito, opanda sukulu, ndi fumbi lokha m'chifuwa. Anasenza matumba ake ulendo wa kusukulu yaukachenjede.

Lolemba mlonda anamubweza. Lachiwiri anamubwezanso.

"Achemwali, kuno sitikumanga nyumba. Miyala yanuyo kagulitseni kwina."

Lachitatu sanapemphenso kulowa. Anakhala pageti pomwepo n'kuyala zigoba zake m'mizere itatu. Galimoto zikanatha kumuponda, musadzayesere zimenezo. Koma mayi wina wophunzitsa za miyala anaima, nagwada pansi ndi diresi lake labwinolo.

"Wakuuza ndani kuti uziyale chonchi?"

"Palibe, mayi. Ndi mmene zinagonera m'khoma. Pansi pali zokhuthala, pakati zopindikazi mumwala wakuda wosalala, pamwamba zokhuthala zabwereranso."

Mphunzitsiyo anatola chigoba chimodzi n'kuchitembenuza.

"Mwanawe, zigoba anthu amatibweretsera zambiri, koma zosakaniza. Zikatero sizitiuza kanthu. Zakozi zikuyankhula. Kalekale, zaka mamiliyoni ambirimbiri zapitazo, kuli zibuluzi zazikulu ngati nyumba, phiri lakolo linali pansi pa nyanja yamchere. Zokhuthalazi zinkakhala m'madzi osaya. Nyanja itakwera kunabwera zopindikazi, za m'madzi akuya. Kenaka nyanja inatsikanso. Khomalo lilipobe?"

"Mpaka Lachisanu."

Lachinayi m'mawa anakwera phiri awiriwo. Nankhono ankaloza ndi hamala pamene chigoba chilichonse chinachoka, mphunzitsi akuyeza ndi kujambula, kapitawo akungopenya wotchi. Lachisanu khoma linaphulika monga ananenera. Nkhani ya nyanja ija inatsala m'matumba atatu ndi m'mutu mwa mtsikana wolephera mayeso.

Kusukulu kuja anamulemba ntchito yotsuka ndi kusanja zigoba m'chipinda cha mashelefu ataliatali. Akaweruka ankakhala pa mabuku. Mayeso analemba kachitatu, ndipo dzina linatuluka. Lero ophunzira akasakaniza miyala, amawadzudzula ndi mawu a malemu bambo ake. Mayi aang'ono aja amanyadira kwa aliyense, ngakhale chigoba sanachikhudzebe mpaka pano.

Tsono inu amene mayeso anakugwetsani, amene geti analitseka mukuona, mvetserani. Kantchito kamene kali m'manja mwanuko kagwireni mwadongosolo, ngakhale anthu akuseka. Akakubwezani Lolemba, pitaninso Lachiwiri. Musataye mtima ngakhale pang'ono.

Koma mukamaphwanya miyala, chonde ana anga, muzimanga kansalu pamphuno.