Ng'ona imene ndinaika mu foda ya zoseketsa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikupita kukatchajitsa foni. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo kwathu kwa Makhuwira, kuthandiza mayi kupeta mapira. Pamsika panali kashopu ka a Zuze, kotchaja mafoni ndi kubena nyimbo. Tsikulo ndinawapeza akulimbana ndi kompyuta, akulemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku ikujompha chimanga. Ndinawathandiza, iwo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe Teleza, mawa ubwere. Ukhala wa zoseketsa."

Ndinavomera osadziwa chomwe ndavomera.

Zida zathu zinali kompyuta yakale, mausi, khadi rida, sola ziwiri padenga, batire ndi inveta yolira ngati udzudzu. Dzuwa likafika pamutu kompyuta inkazima yokha ndi kutentha, ndiye tinkaikupiza ndi chikatoni. Ntchito yanga inali kulowa pa intaneti m'mawa netiweki isanayambe makani, kusaka timakanema tachilendo ndi toseketsa, n'kutitsitsa. Kenako ndinkadula koyambira ndi kothera kuti kanema asadye malo, n'kumuchepetsa kuti azitseguka m'mafoni a mabatani. Zonse zinkalowa mu foda imodzi yotchedwa Zoseketsa. Munthu akabwera ndi memore khadi kudzabenetsa nyimbo za kwaya, tinkamuikirako pang'ono za mu fodayo ngati basela.

Koma abale, kuseketsa anthu a kwathu si masewera. Ine ndinkaseka mpaka misozi ndi kanema wa mphaka wovala jekete. Makasitomala ankangoti, "Jekete yabwinobwino kuveka mphaka?" Wina wa mkwati akugwa ndi keke, amayi ena anagwira pakamwa ndi chisoni, ati chakudya chonsecho. Ndiye panali wina amene ine sindinaonepo chosekera, wa mlendo akulephera kupalasa bwato, kumangozungulira malo amodzi. Ameneyo asodzi ankachita kuitanizana, kuseka mpaka kukhala pansi. Ndikafunsa a Zuze kuti choseketsa chenicheni n'chiti, ankangoti, "Saka, uzidziwa wekha." Sindinkadziwa kanthu ine.

Ndiye ndinapeza wa ng'ona. Bambo wina wa dziko lakutali akuimba mluzu m'mbali mwa dziwe, chinyama chikutuluka m'madzi, iye n'kuchisisita pamphuno ngati galu. A Zuze anaomba m'manja. "Pyadidi, zabwino zedi! Ika." Ndinadula, ndinachepetsa, ndinaika.

Patapita masiku, tsiku la msika, ndinamva phokoso likubwera chakushopu. Anali anthu ambiri, ndipo pakati pawo akukankhidwa anali a Khembo, msodzi wachikulire amene ankabenetsa kwa ife nyimbo za valimba. Malaya awo ofiira anali atang'ambika paphewa. Kutsogolo kunali Mai a Rute, amene amuna awo anagwidwa ndi ng'ona nthawi ya dzinja akuvuula ukonde kudambo. Anandilozetsa foni kumaso.

"Mwana iwe, kanema uyu anachokera muno. Unena pamaso pa anthu: unawajambula kuti a Khembo ndi ng'ona yawo?"

A Khembo? Ng'ona yawo? Ndinayang'ana pafonipo, pakagalasi kakang'ono ngati bokosi la machesi. Mayo ine! Nkhope ya munthuyo sinkaoneka chifukwa cha kuchepetsa kuja. Zooneka zinali malaya ofiira, chipewa chachikulu ndi msana wopindika. A Khembo nawo chipewa cha mlaza sichinkawachoka kumutu. Komanso anthu ankadziwa kuti anakanganapo ndi malemuwo pa malo otchera ukonde. Kwathu kuno ng'ona ikagwira munthu, funso loyamba limakhala lakuti waituma ndani. Tsopano anali ndi umboni m'manja, ndipo anyamata ena ankanena poyera kuti dzuwa lisanalowe nyumba ya a Khembo iyaka.

"Nkhabe, si ine," ankangobwereza a Khembo. "Ine mluzu ndiimbe ndi mano ati?"

Palibe anaseka. A Zuze anaima pakhomo atatambasula manja, n'kundinong'oneza, "Kanema wosadula uja alipo?"

Analipo, koma dzuwa linali pamutu ndipo kompyuta inali itazima kale. Ndinayatsa, inazima. A Zuze anayamba kukupiza ndi chikatoni, thukuta kamukamu, kwinaku akuuza anthu kuti adikire. Kunja wina anakuwa kuti tikufufuta umboni. Ndinayatsanso kachiwiri. Ndinatsegula foda yolakwika, panatuluka mphaka wa jekete uja, kompyuta n'kuzimanso. Ndinangoti lero ndiye tapsa nawo limodzi.

Kachitatu inayaka bwino. Tinatembenuzira galasi la kompyuta pawindo, ndinatsegula kanema wathunthu. Poyambira, pamene ndinadula paja, panaoneka mpanda wa waya, mipando, ndi alendo ambiri atavala magalasi akuda akudya zinthu za m'mapepala. Pothera bamboyo anatembenuka, n'kuvula chipewa. Anali mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, mano onse ali mbee.

Kenako wina kumbuyo anati, "A Khembo mwayera liti?" Basi chiseko chinabuka, anthu omwe aja ankafuna machesi. Ati bwereza, ndinabwereza. Ati bwerezanso. Ine nditaima pamenepo, osamvetsa kuti tikulira kapena tikuseka. Kanema yemweyo, anthu omwewo! A Khembo anayandikira, anayang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Munthu ameneyu alibe abale omuletsa?"

Anatola chipewa chawo chimene chinagwa pansi pokankhidwa paja, anachisasa fumbi, n'kumapita. Kushopu kwathu sanabwerenso.

Anthu atabalalika, Mai a Rute anatsala atakhala pabenchi. Iwo sanaseke ngakhale pang'ono. Anatulutsa memore khadi m'foni n'kundipatsa.

"Chotsamo chinyamacho. Nyimbozo usakhudze, anabenetsa ndi bambo a Rute."

Ndinaika mu khadi rida, ndinafufuta. Pobweza khadiyo anandigwira dzanja, osati mwaukali.

"Ndiye ngati si a Khembo, mwana wanga, amuna anga anangopita basi? Popanda wowatumira?"

Ndinayang'ana a Zuze, a Zuze anayang'ana pansi. Mayiwo anamanga khadi pakona ya chitenje, anathokoza m'Chisena kuti takhuta, n'kutuluka.

Ndinagwira ntchito pamenepo mpaka kompyuta ija inaferatu. Choseketsa anthu a kwathu sindinachidziwe mpaka lero, musandifunse. Koma kuyambira tsiku limenelo, kanema aliyense ndinkayamba ndamuonera pa foni ya mabatani, pakagalasi kakang'ono kaja, n'kudzifunsa kuti akafika kudambo afanana ndi ndani. Ndipo ndisanaike kanthu mu foda ya zoseketsa, ndinkaganiza za munthu mmodzi amene sadzaseka. Za ng'ona sindinaikenso.